Makiyi a Hositelo

Atsikana anapita Lachisanu,
masutikesi pamutu, zidebe m'manja.
Basi ya ku Dwangwa inawameza onse
kupatula patapata mmodzi wobiriwira
amene ndinamupeza pansi pa bedi la pakona.
Ndamuika pawindo. Mwini wake adzamufuna mu Januwale.

Ine ndatsala ndi makiyi,
khumi ndi atatu pa waya umodzi.
Amalira m'thumba la diresi ndikamayenda
mpaka ndimacheuka, kuyesa wina akunditsata.

Matiresi ndawaunjika, makumi asanu ndi limodzi.
Ndawawerenga kawiri,
osati kuti ndinaphonya poyamba,
koma kuwerenga kumadya nthawi.

Chikhulupiriro analemba kuchokera ku Joni:
Amayi, mapepala sanayende, tidzaonana chaka chamawa.
Chaka chathachi mawu ake anali omwewa.
Mlongo wake ali ku Mzuzu kwa apongozi,
watumiza ndalama pa foni ndi chithunzi cha keke.
Ndalama ndakatapa.
Keke ndangomuyang'ana mpaka foni kuzima.

Usiku woti mawa ndi Khirisimasi
kwaya inadutsa kuseri kwa mpanda ikupita kutchalitchi.
Nyimbo ndimaidziwa yonse.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwathandize,
mawu anatuluka okwekwereza
ngati chitseko cha sitolo yosungira nyemba.
Panali patatha masiku anayi ndisanayankhule ndi munthu.

M'mawa ndinayeza mpunga makapu anayi.
Dzanja ili silinaphunzire muyeso wa munthu mmodzi.
Thadzi limene ndinalilera kuyambira Okutobala
ndinaligwira, mpeni ndinanola,
linandiyang'ana ndi diso limodzi.
Nkhuku yonse, wodya ndekha?
Ndinalimasula. Linathawira ku mango akugwa okha
popanda mtsikana wowaba.

Pamsewu wopita ku boma la Nkhotakota
ana ankadutsa m'zovala zonunkha kusitolo,
Fanta m'manja, akumwa pang'onopang'ono kuti aonedwe.
Ndinatseka katani. Kenako ndinaitsegulanso.

Mvula inayamba cha m'ma fili koloko,
ya mkokomo, yogontetsa pa malata.
Mkati mwake ndinamva odi.

Anali Mwanaisha, wogulitsa zitumbuwa pageti,
amene kwa iye tsikuli ndi Lachinayi wamba.
Denga ladontha, ndibwerekeni beseni.
Ndinamupatsa atatu.
Maso ake anagwera pa mpunga.
Mwaphikira ndani wonsewu?
Ndinati funsani dzanjali.
Anaseka, nakhala pa benchi osadikira kuuzidwa.

Sanandifunse za ana.
Sanandimvere chisoni.
Anadandaula za mtengo wa feteleza,
za mdzukulu wogwetsa njinga ya kabaza m'ngalande,
za bondo lomwe limalosera mvula kuposa wailesi.
Tinadya ndi nyemba zadzulo, mbale imodzi.

Mvula itakata, babu la pakhonde la hositelo linayaka,
ndipo ngumbi zinabwera,
mtambo wathunthu, kuchokera pa chulu cha kuseri kwa khitchini.
Amayi awiri a imvi,
mabeseni aja m'manja, denga litaiwalika,
tinkathamanga pa simenti yoterera,
mapiko m'maduku, mapiko m'kamwa,
iye akukuwa kuti uko, uko, zikuthawa!
Akanationa atsikana anga
ulemu wa amatironi ukanathera pomwepo.

Anabwerera kwawo nthawi ya swala itakwana.
Bwalo linakhalanso lalikulu.
Sindinama, usiku uja ndinalira pang'ono
ndikukazinga ngumbi,
ndipo si utsi umene unandiliza.

Ndinazungulira zitseko zonse monga mwa masiku onse.
Makiyi analira. Sindinacheuke.
Thadzi linagona pa nthambi yake, lamoyo.

Chaka Chatsopano chatsala masiku asanu ndi limodzi.
Mabeseni sanabweze.
Sindituma mwana kukamukumbutsa.
Ndidzapita ndekha, madzulo a tsikulo,
ndipo ndidzatengako limodzi lokha.