Geti Limodzi, Milandu Iwiri

Geti linagwa Lachinayi usiku, chiperoni chili pakati,
linagwera galimoto ya Mayi Nankhonya ku Namiwawa,
iwo n'kundisumira.
Ine Likoswe, wowotcherera zitsulo wa ku Makata,
ndinati nanenso ndili nacho changa:
theka la mtengo wa getilo simunandipatse,
zaka ziwiri mukulitsegula ngati lanu lonse.
Loya wanga anati limenelo ndi dandaulo lobwezera,
nalisokerera kumsana kwa fayilo yomweyo.

Jaji anatikomera tonse.
Iwo alandire za galimoto, ine za thukuta,
aliyense abwezeredwe zimene anawononga poyendetsa dandaulo lake.
Ndinatsika masitepe a khoti ku Chichiri ndikuseka ndekha,
tsiku limenelo ndinakwera kutsogolo kwa minibasi.

Lero tabwerera, koma si m'chipinda chachikulu chija.
Kaofesi, fani ikuzungulira ngati ili ndi ngongole,
a rejisitala, cholembera chofiira,
mabilu awiri a maloya atagona patebulo.

Akuti muyeso wake ndi wosavuta.
Tiyerekeze kuti dandaulo lako kunalibe.
Chilichonse chimene chikanachitikabe iwe uli chete
ndi cha mlandu woyamba.
Chako ndi chokhacho chimene chinawonjezereka
chifukwa unatsegula pakamwa.

Injiniya uja anadzayeza mahinjesi ndi tepi yake yachikasu?
Akanabwerabe. Chofiira chadutsa.
Masiku atatu m'khoti?
Awiri ndi theka ndi a galimoto.
Anga ayambira pamene tinabwera kokadya
n'kuthera folo koloko.
Mapepala a fotokope mazana awiri ndi khumi,
anga ndi khumi ndi asanu ndi anayi,
limodzi la iwo ndi lisiti lija linanyowa mafuta a injini.
Loya wanga wadzuka, wakonza tayi,
akuti anawerenga fayilo yonse usiku kuti anditeteze.
Kukutetezani, inde, atero a rejisitala,
koma kuteteza si kudandaula.
Wakhala pansi.

Ine ndimadziwa chitsulo.
Ukalumikiza ziwiri, mfundo ya pakati ilibe mwini,
sunganene kuti nthethe iyi yathethekera chakumanzere,
iyo chakumanja.
Tinakwera masitepe amodzimodzi,
tinalumbira pa Baibulo limodzi,
geti lake lomwelo, dzimbiri lake lomwelo.
Koma cholembera ichi chikudula pamfundo penipeni
mosatulutsa phokoso,
kuposa galayinda yanga.

Ndafunsa za masiku amene shedi inali yotseka,
za mafelemu a mawindo amene anapita kwa mnzanga wa ku Chirimba,
za Yohane, mnyamata wanga, amene anatopa kudikira
n'kuyamba kabaza.
Andiyang'ana mwaulemu ndithu.
Bambo, zimenezo zilibe mzere wake pano.

Kenaka masamu:
zanga azichotsa pa zawo,
chotsala ndine wopereka.
Ndapambana, pepala likutero,
ndipo ndikatuluka pano ndikasake ndalama.

Panja, pansi pa mtengo pamene maloya amaimika magalimoto,
ndapeza Mayi Nankhonya atavula magalasi,
pepala lawo lili m'manja.
Nalonso lafiira ngati nsalu ya pabutchala.
Loya wawo analemba maola makumi asanu ndi limodzi,
amulola makumi awiri ndi mphambu zochepa,
otsalawo akawafuna kwa iwo.

Taima. Minibasi zikuitanira Limbe, Limbe.
Iwo ndiwo ayamba:
geti lija likadali pansi pomwe linagwera,
udzu wamera m'mipata yake,
alonda akutseka ndi lata ndi miyala.
Kulidzutsa ndi zingati?

Ndayang'ana kuphiri la Soche, ndawerengera mumtima
mahinjesi atatu, ndodo zowotcherera, simenti thumba limodzi.
Ndati ndalama yonse patsogolo, mayi.
Ati lisiti, a Likoswe,
lolembedwa bwino, losanyowa mafuta.