Masamu Ochotsera

Wailesi ya Venansiyo yakhala pa thumba la kachewere,
mlongoti wake ndi sipoko ya njinga.
Lero ndi tsiku la msika ku Domwe,
fumbi la malole likutsokomoletsa ndi mbuzi zomwe.
Ine ndili pa sikelo, pensulo kukhutu,
kuwerengera anthu makilo awo.

Akuti ku nkhondo yakutali ija,
kudziko kumene chisanu chimagwa ngati ufa,
asilikali ofa achepa.
Mwezi watha anali zana limodzi ndi khumi ndi awiri,
mwezi uno makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi.
Kenako aitana katswiri wa mawu oterera.
Akuti kutsogolo kukuwala,
akuti mbali inayo yatopa, zipolopolo zikuithera,
pofika chaka chamawa mapu adzajambulidwanso.

Venansiyo waomba m'manja.
Iye mtima uli pa feteleza:
nkhondoyo ikatha mwina thumba lidzatsika mtengo.
Sindimudzudzula.
Ali ndi ana asanu ndi ngongole ya mbewu.

Koma ine ndinaphunzitsa masamu zaka makumi awiri ndi zitatu,
dzanja langa silimva kuletsa.
Pa chibenthu cha katoni ndalemba kale 112,
pansi pake 46,
ndalemba mzere, ndabwereka khumi kwa mnansi.
Yatsala 66.

Amenewa ndiwo akuwavinira,
anyamata amene sanafe,
amene palibe angawaloze chala,
ngakhale eni ake sakudzidziwa.
Pano mwina akuyanika masokosi,
akudandaula kuti tiyi wazizira.

Nanga nambala yapansiyo?
M'kalasi ikatha ntchito yake
ndinkatuma mwana kuti afufute.

Nkhondo yathu nayo inali ndi mwezi wake wabwino.
Tinali titathawira kutsidya kwa msewu, ku Lizulu,
phiri lakwathu tikuliona ngati mbale ya eni.
Wailesi inati akuluakulu akukambirana kunja,
mfuti zayamba kuodzera,
kudera lathu lonse afa atatu okha.

Okha.

Mmodzi wa okhawo anali ndi dzino lobenthuka,
ankaimba mluzu akamadutsa pamanda,
anatenga malaya anga abuluu osapempha
tsiku limene lole ya asilikali inaima pasukulu.
Jerivaziyo, wopondana nane.
Anatibweretsera lamba wake ndi supuni.

Amayi anaitembenuza supuniyo kawiri,
nkundiyang'ana ine wophunzira:
"Iwe umadziwa kuwerenga. Atatu ndi ochepa?"
Ndinayang'ana nyerere pansi.
Mpaka lero funsolo lili pa bolodi,
palibe mwana wakweza dzanja.

Musandimve molakwa.
Makumi anayi aposedwa ndi zana, ndikudziwa,
ndinakwapulapo ana chifukwa cha zimenezi.
Itsike nambalayo, itsike ndithu
ngati Mawe m'mwezi wa Okutobala,
mpaka miyala ya pansi ionekere.
Kungoti kwinakwake m'chisanumo
galimoto yaima pakhomo la munthu,
awiri atsika atavula zipewa,
ndipo mayi wa m'nyumbamo sanauzidwe
kuti uno ndi mwezi wabwino.

Katswiri uja akupitiriza:
misewu, milatho, madoko, nyengo yamvula ya kumeneko.
Batire yayamba kufooka,
mawu ake akumira ngati mwala m'chitsime.
Venansiyo waimenya khofi wailesiyo.
Yatsokomola, yayamba nyimbo.

"Aphunzitsi, sikelo!"
Ndi Dona Anastaziya, thukuta lili chuchuchu,
wayenda nalo thumba kuchokera kuseri kwa phiri.
Muvi wagwedera, wagwedera, waima:
makilo makumi anayi ndi asanu ndi anayi, ndi theka.
Wogula wochokera ku Tete, magalasi akuda pamphumi,
akuti thekalo lisiyeni mdala,
n'laling'ono, tisachedwe nalo.

Ndanyowetsa pensulo ndi malovu.
Thekalo ndalilemba.