Kalata ya ku Bangula

Inafika yopanda dzina:
"Okalamba akutha kuno. Bwerani, ndagwira mwendo."

Ndinapeza pabwalo posesedwa,
zofunda zikununkhira sopo watsopano,
kaundula wa mankhwala wa miyezi itatu
wolembedwa ndi inki ya usiku umodzi.

"Mukudya, a Alufandika?"
Anayang'ana kaye matironi pakhomo.
"Tikudya, bwana."

Malata akulira ndi dzuwa la Okutobala.
Mtsuko uli mapazi khumi kuchokera pabedi;
kwa munthu wosayenda
umenewo ndi ulendo wa ku Marka.

Nditawatembenuza,
chilonda chapamsana chinayankha zotsalazo.

Potuluka, mayi wochapa,
maso ali m'beseni, ananong'ona:
"Mwabweradi."

Fomu imangofuna inde kapena ayi.
Ine ndalemba m'mphepete, mpaka kuseri.