Limba la m'chipinda cha kudenga

Kiyi wa tchalitchi amasunga Douwe,
ndipo Douwe amagona ndi nkhuku.
Ine ndimaweruka kuchipatala usiku,
fungo la mankhwala likadali m'zikhadabo,
salimo la Lamulungu lisanakhazikike m'zala.
Kuno ku Workum, mwezi wa Januwale,
benchi ya limba imaluma mpaka m'mafupa,
mpweya wako umauona ukukuthawa.

Ndiye ndinati, ndipanga langa.

Makiyibodi awiri ndinagula kwa mnyamata wa ku Sneek
amene anasiya kuimba atalembedwa ntchito pasitima.
Zopondera makumi atatu ndinakazitenga
m'tchalitchi chimene lero amagulitsiramo makapeti:
matabwa a thundu, okumbika pakati
ndi nsapato za munthu amene sindidzamudziwa.
Tinazikweza pamasitepe ndi mlamu wanga Wiebe,
iye akutukwana pokhota paliponse.
Khoma linatsala ndi chipsera.

Tebulo lake ndi chitseko cha shedi ya malemu bambo.
Bowo la loko likadalipo,
mawaya amadutsira pomwepo.

Pansi pa chopondera chilichonse
ndinamata kamaginito kochepa ngati batani la malaya,
moyang'anana ndi kagalasi ka timalilime tiwiri
togundana phazi likatsika.
Ndinaswa tisanu ndi kamodzi.
Mtovu wotentha unandidonthera pachala.
Ine, wopeza mtsempha wa khanda osaphonya,
waya umodzi wofiira unandizunza masabata awiri.

Mawu ake ndi obwereka.
Anthu ena analowa usiku ndi maikolofoni
m'tchalitchi chakutali kumene sindinafikeko,
najambula paipi iliyonse payokha,
kupuma kwa mvukuto komwe,
ndi kamphepo kotsalira m'mwamba mawu akatha.
Zonsezo zagona m'kompyuta yakale
imene imatenga mphindi zinayi kuti idzuke.

Tsiku loyamba ndinaponda C wapansi,
kunalira F.
Ndinaseka mpaka misozi, ndekha, pakati pa utuchi.
Mapulagi awiri ndinali nditawasinthanitsa.

Nditakonza, ndinavala mahedifoni,
ndi kutsitsa phazi pang'onopang'ono.
Denga limene ndimagundapo mutu tsiku ndi tsiku
linanyamuka, linapita,
pamwamba panga panayala miyala yozizira, kutali uko,
pamene ketulo inali pompano, ikuwira,
masokosi akuuma pachingwe.

Kuseri kwa khoma amakhala mayi Hiltje,
wa zaka makumi asanu ndi atatu.
Samva mapaipi. Amangomva mapazi:
gu, gu-gu, gu.
Sabata yoyamba anandifunsa pageti
ngati ndayamba kuphunzira gule ndi imvi zangazi.
Sabata yachitatu anandiimitsa ndili panjinga.
"Tjitske, dzulo pamzere wachitatu mumathamanga.
Salimo limenelo tinaimba poika amuna anga,
siliyenda choncho."

Madzulo ake ndinawakweza pamasitepe,
sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina,
dzanja lawo likusisita chipsera cha Wiebe.
Ndinawakhazika pampando wa nsanza,
ndi kuwaveka mahedifoni pamwamba pa tsitsi loyera.
Alipo amodzi okha.

Ndinaimba osamva kanthu,
koma kugogoda kwa pulasitiki, kulira kwa thundu,
ndi mvula pazenera.
Nyimbo ndinkaiwerenga pankhope pawo.
Pamene nsidze zinakwera ndinadziwa kuti ndathamanganso,
ndinabweza phazi.
Milomo yawo inayamba kuyenda,
kenaka mawu, okwera kuposa muyezo
monga aimbira munthu amene sakudzimva,
osasa, osweka pamwamba, osaphonya liwu.

Chopondera cha D chimakakamirabe kukazizira.
Ndimachikweza ndi chala cha kuphazi, nyimbo ili mkati.
Ndinati ndichikonza Loweruka lapitali,
koma mayi Hiltje anagogoda khoma nthawi isanakwane,
ndipo kompyuta inali isanadzuke.