Matalala a ku Yeoville

Disembala wa ku Joni salowera pakhomo.
Amatsika m'malata
n'kukukhala pachifuwa ngati mwini ngongole.
Anzanga anakwera kale basi pa Park Station
ndi mabulangete, matayala a njinga, zigubu za mafuta ophikira.
Ine ndatsala m'kachipinda kakuseri
ndi yunifolomu ya ulonda pamsomali,
ndi Sungeni, wa zaka zisanu ndi chimodzi,
wagona chagada pasimenti.
Akuti, adadi, pakhosi panga pakufuna chozizira.

Mayi Kabedi a ku Lubumbashi, pamsika wa Rockey,
anandisankhira zomwe ena anazidumpha:
theka la chivwende,
mango awiri a zipsera,
mphesa zoyoyoka pansi pa bokosi,
ndi pichesi limodzi la basela
chifukwa mwanayu amawapatsa moni wogwada.

Foni yachenjeza kale kuti magetsi azima thu koloko.
Tichite changu.

Mpeni ndaunola pasitepe.
Chivwende chikulira madzi mpaka m'zigongono,
ndikuchidula timabokosi ngati ta machesi.
Sungeni akukolowola njere ndi foloko,
akuziwerenga m'Chizulu cha kusukulu.
Ndikuloza: ichi n'chiyani?
Ikhabe.
Ayi, chivwende.
Chi, chi, lilime lapunthwa pa vwe,
waseka, njere yagwera m'malaya.

Zoviikamo anandiphunzitsa mayi ake pafoni,
mawu akupikisana ndi mafunde.
Ali ku Umhlanga ndi mabwana awo,
akusendera zipatso ana a eni.
Masipuni asanu a chambiko, kuno amati amasi,
kayogati kotsala dzana,
uchi sipuni imodzi, osati ziwiri, paja iwe ndimakudziwa,
ndimu womufinya pang'ono,
kamchere kotsina ndi zala.
Utakase mpaka sipuni iziyenda monyada.
Ndatakasa.
Ndaika uchi sipuni ziwiri.

Mbale yangolowa m'filiji, chitseko phaa,
mphindi khumi sizinakwane,
filiji yakhosomola kamodzi n'kukhala chete.
Wailesi ya aneba yafera pakati pa nyimbo.
Sungeni wagwira mango ndi chala.
Akutentha, adadi.
Mlomo wayamba kugwa.
Ine amene ndimalondera magalimoto makumi anayi usiku wonse
ndalephera kulondera kuzizira kwa mbale imodzi.

Kenaka kumwera kwada bii.
Nsanja ya Ponte yamira mumtambo,
mphepo yabwera ndi fungo la phula lonyowa,
yaulutsa majumbo ndi zovala pachingwe.
Bingu lagunda. Ma alamu a magalimoto onse ayankha.
Go! Padenga.
Go, go, gogogo,
matalala ngati mazira a njiwa
akudumphadumpha pabwalo la alandilodi.

Ndavala chipewa cha kuntchito,
ndatuluka ndi beseni losambira.
Akundigenda pamsana, m'makutu, pazala,
ndikuwola ndi manja awiri
ngati munthu wopeza ndalama zotayika.
Sungeni ali pakhomo akukuwa,
uko, adadi, kuli aakulu uko!

Mbale ya zipatso taikhazika pakati pa beseni,
kambale ka chambiko pambali pake,
tavundikira ndi thaulo.
Kudikira kwake, tawerenga mpaka handiredi,
iye m'Chizulu, ine m'Chichewa,
ine ndatsalira kutali, manambala athu ndi aatali.

Tsopano tadya, miyendo ili panja.
Mphesa ikuphulika m'kamwa, mano akuchita dzanzi.
Mango oviika akusiya ndevu zoyera pachibwano cha mwana.
Pichesi la basela tagawana,
iye watenga mbali yopanda bala.

Wajambula beseni kuti titumizire amayi,
chithunzi chatuluka chala chake ndi theka la phazi langa.
Titumiza chomwecho, netiweki ikabwera.

Sikisi koloko ndivale nsapato, ndimusiye kwa aneba.
Padakali nthawi.
Watola chidutswa chomaliza, chofiira,
wachimiza chonse mpaka zala,
akundiyang'ana.
Chivwende, watero,
m'kamwa muli tho.