Mafunde a Wam'kati

Wyson watumiza chithunzi pa foni:
sitima yoyera, yaitali kuposa fakitale ya tiyi,
nyumba zosanjikizana pamwamba pa madzi.
Akuti abwana ake ku Durban amupatsa matikiti awiri,
masiku anayi panyanja yamchere.
Bwera, Esinala, udzaone kumene dziko limathera.

Ine pano miyezi isanu ndi iwiri.
Mapazi atupa, nsapato zandikana.

Ku Malamulo, anesi a Namalomba
anayeza mimba ndi tepi,
nayang'anitsitsa foniyo, magalasi ali pamphuno.
"Mmenemu muli chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane?
Magazi ako athamanga kale kawiri.
Matenda otsegula m'mimba akalowa m'sitima
amayenda khomo ndi khomo ngati mphekesera.
Nanga nsupa ikasweka pakati pa nyanja,
ambulansi idzadzera msewu uti?"

Sindinayankhe.
Pobwerera, njinga ya kabaza inagwa m'dzenje pa Makwasa,
wam'kati n'kundiponda kunsi kwa nthiti
ngati akuti: mayi, ine ndili kale m'bwato,
mafunde anga andikwana.

Usiku ndinamulembera Wyson:
gulitsa tikiti inayo,
ugule beseni ndi timabulangete tiwiri.
Anayankha ndi kankhope kolira, basi.

Lero nkhungu yagona pa minda ya tiyi,
mizere yobiriwira ikuwinduka mpaka kuphiri.
Ndaima pakhonde, dzanja pamsana,
ndanyamula mlendo mmodzi wopanda tikiti.
Doko lathu likadali patsogolo,
masabata asanu ndi atatu,
Mulungu akalola.