Utoto Womva Moto

Ku Booysens, kuseri kwa njanji,
makina anga ndi nambala seveni.
Amayasamula masekondi khumi ndi anayi alionse
n'kulavula masupuni asanu ndi atatu
ogwirana pa kamsana kamodzi
ngati ana a sukulu owoloka msewu.

Amatuluka oyera mbuu, malungo a m'chikombole asanawachoke.
Akamayenda pa lamba ndimawaona akukumbuka:
buluu amayambira kumchira, amakwawa pang'onopang'ono,
pofika m'manja mwanga
afanana ndi thambo louma la Joni m'mwezi wa Juni.

Ndi masupuni a makanda.
Phala likatentha mopitirira, supuni imayera,
imauza mayi zimene mwana sangathe kunena.

Tsiku langa loyamba Mayi Radebe, kapitawo wathu,
anaviika imodzi m'tiyi wawo, ikuyera ine ndikuona,
nandipatsa malamulo chala chili m'mwamba:
makapu awiri a timibulu ta utoto pa thumba lililonse,
moto usadutse pa mzere wofiirawo,
ndipo usausiye nthawi yaitali m'mimba mwa makina.
“Utotowu, Fackson, ukapsa sulira, sununkha.
Umangoiwala.”

Lachinayi, cha m'ma thu koloko usiku, magetsi anathima.
Jenereta inatsokomola, inakana.
Tinakhala pa matumba a pulasitiki tikuombera m'manja mpweya,
Sizwe akusimba za ngongole ya firiji,
phala la makina likupsererera m'chipaipi mwakachetechete.
Atabwera magetsi tinali titatsalira mabokosi makumi atatu.
Sizwe anati yatsa basi, kutsuka m'mimba n'kutaya nthawi,
galimoto ya oda ifika sikisi.

Ndinayatsa.
Anatuluka osalala, opanda chilema, opanda ndevu m'mbali,
koma a buluu kale, akadali amoto.
Ndinaviika imodzi m'ketulo yowira.
Inandiyang'ana osaphethira.
Yachiwiri chimodzimodzi. Yachikhumi.

Ndani akanadziwa?
Bokosi likamatidwa tepi silinena kanthu.
Koma kwinakwake, ku Tembisa kapena ku Balaka,
mayi wina akanakhulupirira buluu ameneyu
n'kutsegulitsa kakamwa.

Ndinadina batani lofiira.
Makina onse a mzere wathu anamva chete wangayo.
Masupuni zikwi ziwiri ndinawakhuthulira m'chigayo cha zotaya,
bonasi ya mwezi ikulira nawo kukukuku.
Sizwe sanandilankhule mpaka kunacha.
Mayi Radebe analemba m'buku lawo, osakweza mutu,
kenaka anandikankhira theka la buledi wawo.

M'mawa m'takisi yopita ku Turffontein
ndinapereka chenji m'Chizulu, mawu atatu okha amene sandigulitsa.
Foni inalira, nambala ya kwathu;
ndinaitembenuza chafufumimba pa bondo.
M'takisi Chichewa ndimachisunga pansi pa lilime.
Ndimayera pakatentha, ine,
pa lodibuloko, pa mzere wa mapepala,
pamene anyamata a pakona ayamba kufunsa dzina la chigongono.
Ndikatseka chitseko cha kachipinda kanga m'pamene buluu amabwerera,
kuyambira kumapazi.

Koma chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi.
Dzulo Tiyanjane pa foni anati,
“Ababa, mukulankhula ngati a pa wailesi ya kunja,”
ndipo ndinafunafuna dzina la mtengo wa pakhomo pathu,
umene ndinabzala ndekha,
mpaka mayunitsi anatha.

Supuni imodzi yakufayo ndinabwera nayo m'thumba la ovolosi.
Ndiyo ndimatakasira tiyi.
Nthunzi imakwera, zala zimapsa,
iyo phee, buluu wake yemweyo.
Sindidziwa mzere wofiira wa munthu uli pati,
kapena ndani amaima pafupi ndi batani.
Ndimapemerera kapu,
ndimayesa kaye ndi mlomo wanga.